Tete ali pafupi mumlengalenga, kutalika kuli pachipata cha Mwanza

Kuchoka pabwalo la ndege la Chileka m'boma la Blantyre kukafika pabwalo la Chingodzi mumzinda wa Tete ku Mozambique pali mtunda wa makilomita pafupifupi 150, ukayeza molunjika monga iulukira mbalame. Mtunda umenewu ndi waufupi kuposa wochoka pa Chileka pomwepo kupita kubwalo la Kamuzu ku Lilongwe, umene ndi makilomita pafupifupi 250.

Kunena kwina, mzinda wa Tete uli pafupi ndi Blantyre kuposa likulu la dziko lathu lomwe.

Ndege ya mtundu wa Q400, yonga imene kampani ya Malawi Airlines yakhala ikunyamulira anthu pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ikhoza kutha ulendo wa ku Tete m'mphindi 30 kapena kuposerapo pang'ono. Wokwera sangamalize n'komwe kumwa tiyi, ndege yayamba kale kutsika moyang'ana mtsinje wa Zambezi.

Pansi pano nkhani ndi ina. Galimoto yochoka ku Blantyre imayamba yalowera kumpoto mumsewu wa M1, kudutsa pa Lunzu ndi pa Lirangwe, kukaoloka Shire pa Zalewa. Ikatero imakhotera kumadzulo mumsewu wa M6 kukafika paboma la Mwanza m'dera la mfumu yaikulu Kanduku, kutulukira pachipata, kulowa pa Zobue, kutsetsereka mpaka ku Moatize, kenako ku Tete. Pofika uko yayenda makilomita pafupifupi 230.

Munthu akaika manambala awiriwa pambalimbali, 150 ndi 230, mphindi 30 ndi maola angapo, mtima umathamangira kunena kuti yankho ndi ndege. Tikhale ndi ndege ya tsiku ndi tsiku pakati pa Chileka ndi Chingodzi basi, malonda ayende.

Ine ndikuona mosiyana. Pamtunda waufupi chonchi, ndege ingathandize anthu ochepa kwambiri, ndipo mwa anthuwo mulibe mlimi wa manachesi wa kwa Kanduku. Chimene chikutalikitsa Tete ndi maola amene anthu ndi katundu amataya pachipata ndi pamsewu. Ndalama ndi nzeru za maboma awiriwa zikuyenera kuyambira pamenepo.

Masamu a ulendo

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa nkhani ya mtunda imafuna masamu osati kutengeka.

Oyendetsa ndege amayeza mtunda potsata mzere wolunjika pakati pa mabwalo awiri, ndipo muyeso wawo ndi mailosi a panyanja. Mailo imodzi yotere ndi makilomita 1.852. Choncho pakati pa Chileka ndi Chingodzi pali mailosi a panyanja pafupifupi 81. Nambala imeneyi imathandiza woyendetsa ndege kudziwa mafuta oti amwetse. Wapaulendo simuuza kanthu za nthawi imene anyamuke pakhomo pake ndi nthawi imene akafike kumene akupita.

Tengani wamalonda wokhala mumzinda wa Blantyre. Kuchoka m'tauni kupita ku Chileka ndi makilomita pafupifupi 16, tinene theka la ola. Popeza ulendowu ndi wotuluka m'dziko, akuyenera kufika pabwalo kutatsala maola awiri kuti ndege inyamuke. Mumlengalenga atha mphindi 30 kapena 35. Akatera pa Chingodzi adinditse pasipoti, adikire chikwama, apeze galimoto yomuolotsa Zambezi kulowa mumzinda. Zonse pamodzi zikusendera kumaola anayi.

Tsopano tengani mnzake amene wakwera galimoto. Makilomita 230 pa liwiro lodekha la makilomita 70 pa ola ndi maola atatu ndi mphindi pafupifupi 20. Pachipata akatayapo theka la ola lokha, naye wafika m'maola osapitirira anayi. Awiriwa akhoza kukapezana pakhomo la hotela imodzi ku Tete, wina atalipira tikiti ya ndege yotuluka kunja, wina atangothira mafuta.

Ndege imapambana pokhapokha pachipata pakachedwetsa. Ndiye kuti ubwino wonse wa ndege paulendo umenewu ukuchokera pa vuto limene tingathe kulikonza ndi manja athu pansi pano.

Nanga munthu wa kwa Kanduku? Iyeyu ndiye masamu amamukaniratu. Kuchoka paboma la Mwanza kupita ku Tete pamsewu ndi makilomita pafupifupi 130, ulendo wa maola awiri ngati zonse zili bwino. Kuti akwere ndege, ayambe wabwerera m'mbuyo makilomita pafupifupi 100 kupita ku Chileka, akadikire maola awiri, kenako auluke kudutsa pamwamba pa dera la kwawo lomwe. Mzere wolunjika wa Chileka ndi Chingodzi umadutsa cha kummwera kwa boma la Mwanza, kufupi ndi nkhalango ya Majete. Akasuzumira pazenera la ndege, akhoza kuona mapiri a kwawo kumene wachoka m'mamawa.

Ulendo wotere akulu akale akadautcha kuzungulira nyumba pofuna khomo limene wakhalapo kale.

Chifukwa chake maulendo aafupi amadula

Ena amaganiza kuti mtunda ukakhala waufupi, tikiti ya ndege nayo ikhala yotchipa. Zikadakhala choncho bwenzi ulendo wa ku Tete uli wa mtengo wa basi. Koma ndege siiwerengera ngati minibasi ya ku Ndirande.

Ndege imamwa mafuta ambiri ponyamuka ndi pokwera m'mwamba. Paulendo wautali, mafuta amenewa amabwezedwa ndi maola amene imauluka mosavutikira pamwamba. Paulendo wa makilomita 150, ikangomaliza kukwera yayamba kutsika. Gawo lodula la ulendo lilipo lonse, gawo lotchipa palibe.

Kuonjezera apo, ndege iliyonse ikatera imalipira bwalo. Imalipiranso olondolera ndege mumlengalenga, onyamula katundu ndi achitetezo. Wokwera aliyense amalipira misonkho ya pabwalo imene imabisala m'kati mwa tikiti, ndipo paulendo wotuluka m'dziko misonkhoyi imakhala yokwererapo. Zambiri mwa zimenezi sizisintha kaya ndegeyo ikupita ku Tete kapena ku Nairobi. Ngakhale kukonza ndege kumawerengeranso kuti yanyamuka ndi kutera kangati, chifukwa matayala, mabuleki ndi injini zimatha msanga ndi maulendo aafupiafupi.

Ndege ya Q400 imanyamula anthu pafupifupi 70. Kuti kampani isaluze, mipando yambiri iyenera kudzaza popita ndi pobwerera, sabata ndi sabata, chaka chonse. Kodi tili nawo anthu ochuluka chotero amene angasiye galimoto n'kulipira tikiti ya ndege pofuna kupulumutsa mphindi zowerengeka?

Tisaiwale kumene tachokera. Kampani ya Air Malawi, imene idayamba m'chaka cha 1964, idatsekedwa mu 2013 itamira m'ngongole. M'malo mwake mudabwera kampani yatsopano imene idayamba kuuluka mu January 2014, boma la Malawi lili ndi magawo 51 pa 100 alionse ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49. Kampani ya ndege ikamauluka ndi mipando yopanda anthu, wolipira mapeto ake amakhala wokhoma msonkho, kuphatikizapo mayi wa ku Thambani amene sadayambe waponda pabwalo la ndege. Walira mvula walira matope.

Ngakhale maiko olemera ayamba kuunikanso maulendo aafupi a pandege. Mu May 2023, dziko la France lidaletsa maulendo ena a ndege a m'dziko momwemo pamene pali sitima yapamtunda yofika m'maola osapitirira awiri ndi theka. Zifukwa zawo n'zokhudza utsi woononga chilengedwe, koma phunziro lake n'lomweli: pamtunda waufupi, njira yapansi ikakhala yabwino, ndege ilibe ntchito yaikulu.

Zimene onena za ndege akulondola

Chilungamo chimafuna kuti timvenso mbali inayo, pakuti ili ndi mfundo zake zomveka.

Choyamba, n'zoona kuti maulendo a pandege pakati pa maiko oyandikana muno mu Africa ndi ochititsa manyazi. Munthu amene wasowa ndege yolunjika pakati pa Blantyre ndi Tete, n'kusankha kudzera ku Johannesburg, amauluka makilomita pafupifupi 1,350 kupita kummwera ndi enanso pafupifupi 1,250 kubwerera kumpoto. Onse pamodzi ndi makilomita 2,600, kuchulukitsa ka 17 mtunda weniweni. Maiko a mu Africa adagwirizana zomasula maulendo a pandege mu 1999 pa mgwirizano wa Yamoussoukro, ndipo mu January 2018 bungwe la African Union lidakhazikitsa msika umodzi wa maulendo a pandege ku Addis Ababa. Zolembedwa zilipo, koma wapaulendo akuzungulirabe.

Chachiwiri, Tete wa lero si Tete wa kale. Migodi ya malasha ya ku Moatize, imene kampani ya Vale ya ku Brazil idayamba kukumba mu 2011 n'kuigulitsa ku kampani ya Vulcan mu 2022, idakokera mumzindawu mainjiniya ndi amalonda ochokera kutali. Anthu otere ola limodzi kwa iwo ndi ndalama.

Chachitatu, msewu umaduka. Mu January 2022 namondwe wa Ana adaononga mlatho wa pamtsinje wa Revubue pakati pa Moatize ndi Tete. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adadula misewu yambiri m'chigawo cha kummwera kuno, ndipo madera ena ankafikika ndi ndege za helikopita zokha. Kumapeto kwa 2024, zipolowe zimene zidabuka ku Mozambique pambuyo pa chisankho cha mu October zidasokoneza mathiraki obweretsa katundu ndi mafuta kuno. Pa nthawi ngati zimenezi bwalo la ndege ndi moyo.

Mfundo zonsezi ndikuzivomereza. Koma taonani zimene zikutiuza. Zikutiuza kuti mabwalo a Chileka ndi Chingodzi akhale okonzeka nthawi zonse, ndiponso kuti kampani iliyonse imene ikufuna kuyesa ulendowu ndi kandege kake ka anthu 12 kapena 19, ndi ndalama zake, ipatsidwe chilolezo mosavuta. Sizikutiuza kuti boma litenge ndalama za msonkho kukathandizira ndege yonyamula mabwana a kumigodi. Mainjiniya a ku Moatize ali ndi makampani owalipirira. Mlimi wa kwa Kanduku alibe.

Ndipo kukonzeka kwa bwalo si nkhani yamasewera. Mu January 2019 kampani ya South African Airways idaimitsa maulendo ake a ku Chileka akuluakulu oona za ndege a ku South Africa atapeza zofooka pa chitetezo cha bwaloli, monga mpanda ndi zida zozimitsira moto. Chaka chomwecho msewu waukulu wonyamukirapo ndege pa Chileka udatsekedwa kwa miyezi kuti aukonze. Ngati pali ndalama zoika pa nkhani ya ndege, zipite kuzinthu ngati zimenezi, kuti maulendo aatali a ku Johannesburg, Dar es Salaam, Nairobi ndi Addis Ababa asadzaimenso. Kumeneko ndi kumene ndege ilibe wopikisana nayo.

Amene amayenda ulendowu tsiku ndi tsiku

Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'boma la Mwanza muli anthu oposa 130,000. Boma limeneli lidali limodzi ndi Neno mpaka mu 2003. Kwa anthu amenewa, Mozambique si dziko lakunja monga amaganizira a ku Lilongwe. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana mu 1891 adadula pakati pa anthu olankhula chinenero chimodzi. Wa pa Zobue akayankhula, wa kwa Kanduku safuna womasulira. Amakwatirana, amaikana maliro, amagulitsana chimanga, nyemba, mbatata ndi mbuzi.

Ubale umenewu udayesedwa pamoto. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene idatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 October 1992, dziko lino lidasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, ndipo Mwanza lidali limodzi mwa maboma amene adawalandira. M'zaka zimenezo mathiraki ankadutsa msewu wa Tete mondondozana, moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, madalaivala mitima ili m'mwamba. Mu 2015 ndi 2016 anthu zikwizikwi adathawanso kuchoka m'chigawo cha Tete n'kudzaunjikana pamudzi wa Kapise m'boma lomwelo la Mwanza, asadawasamutsire ku Luwani m'boma la Neno. Onsewa adabwera wapansi, ndipo adawalandira ndi anthu a m'midzi.

Lero chipata cha Mwanza ndi chimodzi mwa zipata zotanganidwa kwambiri m'dziko muno. Katundu wochoka kudoko la Beira, mtunda woposa makilomita 800 kuchoka ku Blantyre, amalowera pamenepa. Wochoka ku Harare, Johannesburg ndi Durban kudzera pa Nyamapanda nayenso chimodzimodzi. Mabasi a Amalawi opita ku Joni kukasaka maganyu amatulukira pomwepa, ndipo maliro a abale athu omwalira kumeneko ambiri amalowera pomwepanso.

Aliyense wodutsa pa Mwanza adaonapo mzere wa mathiraki ataima m'mbali mwa msewu. Thiraki ikagona pachipata, mwini wake amalipira dalaivala, amalipira mlonda, ndipo galimotoyo siipanga ndalama. Zonsezi amaziika pamtengo wa katundu. Thumba la feteleza limene mlimi wa ku Mulanje akugula, botolo la mafuta ophikira la mayi wa ku Bangwe, lita ya dizilo ya chigayo cha ku Ntcheu, zonse zanyamula mtengo wa maola otayika pachipata. Munthu amene sadaonepo Zobue naye akulipira.

Ndiye pali manachesi. Nyengo yake ikafika miyezi yozizira, m'mbali mwa msewu wa M6 mumangoti psuu milumilu ya zipatso. Ogulitsa amathamangira basi iliyonse yoima, madengu ali m'manja. Nachesi sadikira. Akapsa wapsa, ndipo zimene sizidagulidwe sabata ino sabata yamawa n'zotaya. Makilomita 130 okha kuchoka pamenepo pali Tete, mzinda wotentha koopsa, wa anthu oposa 300,000 malinga ndi kalembera wa dzikolo wa 2017, ena a iwo olandira malipiro a kumigodi. Msika uli pakhomo. Mayi wa manachesi safuna tikiti ya ndege. Akufuna kuti akakweza madengu ake m'mamawa, adutse pachipata mwachangu, adziwiretu msonkho woti alipire, agulitse, dzuwa lisadalowe akhale atabwerera kwa ana ake.

Zodutsa pamwamba pa Mwanza n'zambiri kale

Pali chinthu chimodzi chimene anthu a ku Mwanza akuchidziwa bwino: kukhala panjira sikutanthauza kupindula ndi njirayo.

Njanji yochoka ku Moatize kupita kudoko la Nacala, ya makilomita 912, imadutsa m'maboma a Chikwawa, Mwanza ndi Neno kukalumikizana ndi njanji yakale pa Nkaya ku Balaka. Adaitsegulira mwamwambo mu 2017. Idamangidwira malasha, ndipo sitima zazitali zimene anthu a m'midzimo amaziwerenga mabogi ndi za malasha. Nthambo zikuluzikulu za magetsi zolumikiza siteshoni ya Matambo ku Tete ndi ya Phombeya ku Balaka, mtunda wa makilomita 218, njira yake ndi ya m'maboma a Mwanza ndi Neno omwewo. Mathiraki amadutsa, sitima imadutsa, nthambo zimadutsa.

Ndege ya Chileka ndi Chingodzi ikhoza kudzangokhala chinthu chinanso chodutsa, ulendo uno m'mitambo, ana n'kumaikupizira manja. Thiraki mwina imaima dalaivala n'kugulako nsima ndi nachesi. Ndege siisiya ngakhale tambala.

Zoyenera kuchita

Choyamba ndi chipata. Pakati pa ofesi za mbali ya Malawi ndi za pa Zobue pali mtunda wa makilomita angapo, ndipo mwa chizolowezi chakale wapaulendo amaima kawiri, kuonetsa mapepala omwewo kawiri, katundu kusechedwa kawiri. Mankhwala ake ndi odziwika. Mu December 2009 Zambia ndi Zimbabwe adatsegula chipata choima kamodzi pa Chirundu. Mu December 2022 Malawi ndi Zambia adatsegula chotere pa Mchinji ndi Mwami. Pachipata chotere ogwira ntchito a maiko awiri amakhala pansi pa denga limodzi, wapaulendo n'kuima kamodzi kokha.

Koma tisanamizane, nyumba zokha sizifupikitsa ulendo. Kaya pachipata pamangidwe nyumba zonyezimira bwanji, ngati makompyuta a mbali ziwiri salankhulana, ngati magetsi akathima ntchito yaima, ngati wina akupita kunkhomaliro mzere uli poo, palibe chasintha. Mutu umodzi susenza denga: Lilongwe ndi Maputo akuyenera kukhalirana pansi pa nkhani ya Mwanza ndi Zobue monga chipata chimodzi.

Chachiwiri, tiyambe kuyeza. Mtunda wa pakati pa Chileka ndi Chingodzi timaudziwa mpaka kilomita chifukwa oyendetsa ndege salola zongoyerekeza. Bwanji osachita chimodzimodzi pansi? Bungwe lotolera misonkho la MRA ndi nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko azilengeza mwezi ndi mwezi kuti thiraki ikutenga maola angati kudutsa pa Mwanza, basi maola angati, woyenda pansi mphindi zingati. Manambalawo apachikidwe pachikwangwani pachipata pomwepo ndipo aziwerengedwa pawailesi. Chinthu chikamayezedwa poyera, ochigwira amachita nacho manyazi.

Chachitatu, amalonda ang'onoang'ono akhale ndi zenera lawo. Mayi wa madengu atatu asamaime pamzere umodzi ndi thiraki ya matani 30. Mndandanda wa katundu wololedwa ndi msonkho wake ulembedwe m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, zilembo zikuluzikulu. Anthu ambiri amene amadzera njira zachidule za m'tchire sachita kufuna. Amaopa zimene sakuzidziwa, ndipo mumdima wotero ndi mmene mumabadwira ziphuphu ndi nkhanza kwa amayi.

Chachinayi ndi misewu. Msewu wa M6 umanyamula katundu wolemera wa dziko lonse, choncho usamadikire kuti maenje akule ndiye n'kuyamba kuuganizira. Palinso msewu wakale wochoka ku Chileka kudzera pa Mpatamanga kukatulukira ku Mwanza, umene kwa zaka zambiri wakhala wafumbi. Kuchoka pa Chileka kufika paboma la Mwanza molunjika ndi makilomita pafupifupi 50 okha, theka la mtunda wodzera pa Zalewa, ndipo msewu wakalewu ndi umene umayandikira mzere wolunjikawo. Tsopano pamene pa Mpatamanga pakukonzedwa zomanga malo opangira magetsi oposa mamegawati 350, ndipo World Bank idavomereza thandizo la ntchitoyi mu 2025, ino ndi nthawi yoti aphungu ndi mafumu a ku Mwanza, Neno ndi Blantyre afunse kuti msewuwo usadzathere padamu, udzafike mpaka kwa anthu.

Chachisanu ndi njanji. Ngati sitima ikutha kukoka mabogi ambirimbiri a malasha kudutsa m'minda ya anthu, kupempha siteshoni imodzi yokwezera mbewu ndi bogi la anthu si kupempha mwezi. Njanjiyi ili panthaka ya Malawi mwa pangano ndi boma, ndipo mapangano amaunikidwanso. Mwana wosalira adafera kumsana.

Palibe chimodzi mwa zisanuzi chimene chili chokoma kudula riboni ngati ndege yatsopano itathiridwa madzi pabwalo, atolankhani tili pompo ndi makamera. Kufupikitsa mzere pachipata ndi ntchito yosaoneka, ya pang'onopang'ono, lero mphindi khumi, mwezi wamawa zina khumi. Koma tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Mafumu a ku Mwanza, Gogo Chalo Kanduku ndi Gogo Chalo Nthache, pamodzi ndi makhansala ndi aphungu, ali ndi mphamvu yofunsa mafunso amenewa pamisonkhano ya khonsolo. Akabwera alendo a ku Capital Hill ndi nkhani za chitukuko cha mayendedwe, afunsidwe mwaulemu koma mosapsatira: kodi kuchoka pano kukafika ku Tete ndi dengu la manachesi kukutenga maola angati, ndipo chaka chamawa kudzatenga angati?

Makilomita 150 a pakati pa Chileka ndi Chingodzi sadzasintha. Adali choncho ndege zisadabwere ndipo adzakhala choncho mpaka kalekale. Chimene tingasinthe ndi maola a pansi pano. Tsiku limene thiraki idzadutse pa Mwanza ndi Zobue dalaivala asadayale mphasa pansi pa galimoto yake, ndipo mayi wa kwa Kanduku n'kugulitsa ku Tete m'mawa n'kudzaphikira ana ake nsima yamadzulo, Tete adzakhala atasendera pafupi kwa tonsefe, okwera ndege ndi osakwera omwe.